Kuchotsa ndi kubwezera bampala yakumbuyo ya Corolla Axio pakhomo: ndiyambire pati?

AxioYaSiliva:

Akuluakulu odziwa za galimoto, ndithandizeniko nzeru. Galimoto ndi Toyota Corolla Axio ya 2008, NZE141, yasiliva. Bampala yakumbuyo yagundidwa pakona yakumanzere. Pakonapo palowa m'kati ngati pamenyedwa chibakera, m'munsi mwake muli mng'alu wotalika ngati chala, ndipo mbali yonse kuchokera pa tayala mpaka pansi pa nyali yatuluka. Ndikaikankha imalowa, koma ndikangodutsa pa hampu imatulukanso. Buti ikutseka bwinobwino, nyali sinasweke. Bampalayi ili ndi masensa anayi aja amalira pobwerera m'mbuyo.

Ndikufuna ndiichotse ndekha pakhomo, ndione chathyoka, ndikonze n'kubwezera. Ndili ndi jeke ya galimoto yomweyi, masipanala, masoketi, masikuludiraiva awiri ndi pulayala. Kodi zimenezi zikwana? Tayala ndi nyali zichoke? Nanga mng'aluwo ungagwire ndi guluu?

Sipanala10:

Akulu, zida zanuzo zikwana. Mungowonjezerapo sikuludiraiva yaifupi kwambiri, tepi ya pepala ija amamata openta, ndi munthu wachiwiri. Bampala si yolemera, koma ndi yaitali ndiponso yolobodoka, ndiye munthu mmodzi akamasula mbali iyi, inayo imagwa n'kukanda penti kapena kudula waya.

Musanagwire sipanala: ngati pali wina amene alipire, kapena mukufuna a inshulansi alowererepo, jambulani zithunzi mbali zonse ndipo musamasule kanthu mpaka iwo aone.

Chimene timachitcha bampalachi ndi chikuto chabe cha pulasitiki. Mabawuti ochigwira ndi ochepa. Ntchito yaikulu imagwiridwa ndi timano ta pulasitiki ta pa mabulaketi awiri omangidwa pa thupi la galimoto, imodzi mbali iliyonse, kuchokera pa tayala kukafika pansi pa nyali. M'mphepete mwa bampala muli timabowo momwe timanoti timakola. Zomwe mwafotokozazo, zoti imalowa n'kutulukanso, zikusonyeza kuti timano ta bulaketi yakumanzere tathyoka, kapena timabowo tang'ambika. Mukamachotsa, cholinga chanu chikhale kupulumutsa timano ta mbali yakumanja tomwe tidakali tamoyo. Ntchitoyi siifuna mphamvu ngakhale pang'ono.

Igwireni dzuwa litakwera, galimoto itaothera kwa ola limodzi. Pulasitiki wozizira wam'mamawa, makamaka mu June ndi July, amathyoka ngati phesi louma. Koma injini ikhale itazimitsidwa kalekale kuti ekizozi isakuotcheni mkono. Imikani pamalo osalala, giya pa P, handibuleki yokoka, miyala kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala lakutsogolo. Tsukani matope m'madigadi ndi kunsi kwa bampala, chifukwa matope ouma amabisa mitu ya masikuluwu. Yalani katoni kapena bulangete lakale kumbuyoko. Chotsaninso waya wa negetivu pa batire.

Tayala lisachoke. Ngati mkono sukulowa, kwezani thupi la galimoto pang'ono ndi jeke, tayala lisanyamuke pansi, mudzaona mpata watseguka. Jeke ya m'buti ndi yosinthira tayala basi, musalowetse mutu kapena phewa pansi pa galimoto imene yatsamira pa iyo yokha. Mukakakamizika kuchotsa tayala, ikani chochirikiza cholimba pansi pa galimoto, ndipo pobwezera manati ake, omwe amalowa soketi ya 21, amafuna mphamvu yomangira ya 103 Nm.

Matani tepi mizere iwiri pa thupi la galimoto motsatira mphepete mwa bampala, ndi kunsi kwa nyali zonse ziwiri.

Yambirani pansi, mubwere m'madigadi, pamwamba pakhale pomaliza. Mabawuti apamwamba ndi amene aigwire bampala isakugwereni pamaso muli chogona.

Kunsi mupeza makilipi akuda. Ambiri ali ndi kamutu pakati: lowetsani sikuludiraiva yafulati pa kampata ka m'mbali, tukulani kamutuko mamilimita ngati 5, kenako zulani kilipi yonse. Mtundu wina kamutu kake sikatukulidwa, mumakakankhira m'kati pang'ono mpaka kalire, ndiye kilipi imamasuka. Mukazula kilipi kamutu kadakali kokhoma, miyendo yake imaduka. Ngakhale musamale bwanji, pa galimoto ya zaka zimenezi angapo athyoka, ndiye gulirenitu khumi. Tengani imodzi yakale popita kogula, chifukwa alipo a bowo la mamilimita 7, 8 ndi 9, ndipo pamaso amaoneka ofanana.

M'madigadi masulani masikuluwu awiri kapena atatu a chotchinga matope, ngati chilipo. Kenako pindani pang'ono pulasitiki wakuda wa m'kati mwa madigadi muyang'ane pakona yapamwamba penipeni, pomwe bampala yakumana ndi thupi. Pamenepo pali sikuluwu imodzi yoloza m'mwamba. Imeneyi ndi imene anthu amaiiwala, n'kukoka bampala mpaka kona kung'ambika. Masikuluwu ambiri a Toyota ali ndi mutu wa 10 wokhala ndi mtanda pakati. Gwiritsani soketi, osati sikuludiraiva, chifukwa mtandawo umakhala utadzaza dothi ndi dzimbiri ndipo suchedwa kufafanizika.

Tsegulani buti. M'mphepete mwapamwamba mwa bampala, pafupi ndi nyali mbali zonse, muli zomangira zomaliza. Kunena za nyali, ine ndingati chotsani ya mbali yogundidwayo, popeza pulasitiki wopindika amakanirira kunsi kwake ndipo akhoza kuswa kona ya galasi. Pindani kapeti wa m'buti, masulani manati a 10 kumbuyo kwa nyali, zulani pulagi, kokani nyali molunjika kumbuyo. Ndi ntchito ya mphindi khumi, pamene nyali ina mtengo wake mukuudziwa.

Tsopano imani m'mbali mwa galimoto, lowetsani zala kuseri kwa kona ya pa tayala, kokerani kwa inu, kutalikitsa bampala ndi nthiti ya galimoto. Osakokera kumbuyo, osakokera pansi. Mumva kadzino koyamba kakuti thwa. Sunthani dzanja, kokaninso, kamodzikamodzi mpaka pa nyali. Pakakanirira, imani. Pali sikuluwu kapena kilipi yomwe mwaisiya, ifufuzeni ndi tochi. Musapanikize sikuludiraiva pakati pa bampala ndi penti.

Mbali zonse zikamasuka, nonse awiri kokerani bampala kumbuyo mtunda wa chikhatho chimodzi chokha, muime, muzule mawaya, ndiye muigoneke pa bulangete. Masikuluwu abayeni pa katoni malinga ndi komwe achokera, chifukwa amasiyana kutalika.

MagetsiAGalimoto:

A Sipanala10 afotokoza bwino, koma pa batire pokha ndisiyana nawo. Pa ntchito iyi batire lisiyeni. Mawailesi ambiri obwera ndi galimoto zochokera ku Japan, magetsi akangoduka, poyakanso amafuna khadi kapena chimbale cha mapu, ena amafuna nambala yachinsinsi. Ngati khadilo mulibe, wailesi imangoonetsa uthenga wa Chijapanizi, kamera yobwerera m'mbuyo nayo n'kuleka kuonetsa. Mu bampala yakumbuyo ya Axio imeneyi mulibe chilichonse chokhudza ma airbag. Zulani kiyi, zimitsani nyali zonse, zakwana. Batire lichoke pokhapokha wina akafuna kuwotcherera chitsulo pa thupi la galimoto.

Za masensa, yambani mwaona ngati ndi obwera nayo galimoto kapena oikidwa pambuyo pake. Obwera nayo amakhala pa chingwe chimodzi choyenda m'kati mwa bampala, chokhala ndi pulagi imodzi yaikulu chakumbali. Dinani kachotsekera, gwirani pulagi yeniyeniyo, osati waya, muzule. Ikakanirira ndi fumbi, ikankhireni kaye m'kati, dinani, kenako kokani. Oikidwa pambuyo pake, sensa iliyonse ili ndi waya wakewake wolowa m'buti kudzera pa bowo, kukafika pa kabokosi kotenga magetsi pa waya wa nyali ya rivesi. Mawayawa amalembedwa A, B, C, D kapena 1 mpaka 4. Ngati zolembazo zinafufutika, matani tepi mulembe nokha musanazule. Mukawasokoneza, chopinga chili kumanzere makina azinena kuti chili kumanja.

Masensa atatu enawo asiyeni momwe alili. Ya pakona yogundidwayo ichoke musanayambe kutenthetsa pulasitiki, chifukwa kutentha kumaiwononga. Ikankheni ndi chala mutamasula timano take chakuseri, musaimenye pankhope ndi chitsulo. Onetsetsani chizindikiro chosonyeza kumwamba, kaya ndi kamuvi kaya mawu akuti UP. Sensa yoikidwa chadodolido imaona nthaka ngati chopinga ndipo imalira osalekeza. Kamphira kozungulira nkhope yake kasatayike, ndipo openta asaiunjikire penti. Nkhopeyo imagwira ntchito ponjenjemera, ndiye penti wokhuthala amaigonthetsa.

Pobwezera, yesani masensa bampala isanakhomedwe. Lumikizani mapulagi, wina akhale pa chiwongolero, kiyi pa ON koma injini osaliza, phazi pa buleki, handibuleki yokoka, giya pa R. Ikani nsonga ya chala mopepuka pa sensa iliyonse. Yamoyo imagunda pang'onopang'ono pa chala, ndipo mukayandikiza khutu mumva titititi. Yomwe yangoti zii, yang'anani pulagi yake kaye musanaiweruze kuti yafa.

Pa bowo lolowera mawaya m'buti payenera kukhala mphira. Popanda mphira, chitsulo chimadula waya pang'onopang'ono, madzi a mvula nawo amalowera pomwepo. Mawaya amangeni ndi ma cable tie kutali ndi ekizozi, asalendewere.

WopentaWakale:

Bwana, guluu muiwale. Mukaichotsa bampala, itembenuzeni muyang'ane m'kati, mupeza zilembo zodindidwa. Pa Toyota mumapezeka TSOP, kapena zilembo zoyamba ndi PP. Ameneyu ndi pulasitiki wa mtundu wa polypropylene, woterera ngati kandulo. Super glue, epoxy wamba ndi faibala sizimulowerera. Zimaoneka ngati zagwira, koma bampala ikangopindika kamodzi zimasendeka ngati khungu la mbatata yophika. Pulasitiki ameneyu amalumikizidwa pomusungunula ndi mnzake wa mtundu womwewo.

Musanachite china chilichonse, boolani kabowo ka mamilimita 3 pothera penipeni pa mng'alu. Mukapanda kutero, pokankha cholowacho mng'alu uthamanga n'kutalika kawiri.

Yambani ndi cholowacho, mng'alu pambuyo. Wiritsani madzi mu ketulo yodzaza, muwathire pang'onopang'ono kunja ndi m'kati, pamalo okulirapo kuposa polowapo. Valani magolovesi okhuthala. Pulasitiki akafewa, kankhani chakuseri ndi mpini wa hamala wokulungidwa nsanza, kuyambira m'mphepete mwa cholowacho kupita pakati. Pakati pakatuluka, m'mphepete mumatsala kamzere kotukuka. Kameneka kasisiteni ndi thabwa chakunja pulasitiki adakali wofunda. Gwiritsitsani momwe mukufunira, wina aziziritse ndi nsanza yonyowa. Kubwereza katatu ndi madzi kuli bwino kusiyana ndi kukakamiza kamodzi. Ngati muli ndi heat gun, makina ouzira mpweya wotentha, ikhale masentimita 15 kapena 20 kuchokera pa bampala, dzanja lisaime malo amodzi. Penti akayamba matuza, mwapyola. Mbaula, kandulo ndi moto wa gasi ayi, zimapsereza kunja m'kati musanafewe.

Mng'alu umafuna kudekha. Tsukani ndi sopo mbali zonse, paume. Lunzanitsani milomo ya mng'alu chakunja mpaka chala chisamve kusiyana, muigwirizire ndi tepi. Ntchito yeniyeni ichitikire m'kati. Palani ndi sandipepa wa 80 masentimita atatu mbali iyi ndi iyo. Ndi nsonga ya soldering iron, chitsulo chotentha cholumikizira mawaya chija, gwirizitsani timadontho motalikirana masentimita awiri, kenako dulani kangalande kooneka ngati V motsatira mng'alu, kozama theka la kukhuthala kwa pulasitiki. Chodzazira chidulidwe ku bampala ina yotayidwa yokhala ndi zilembo zomwezo, timizere topyapyala ta mamilimita ngati 5, penti atapalidwa. Sungunulani kamzereko pamodzi ndi makoma a ngalande kuti zisakanikirane. Kungodontheza pamwamba sikugwira. Pomaliza, dulani kasefa ka waya wosachita dzimbiri, mukagoneke modutsa mng'alu, mukakanikize ndi chitsulo chotenthacho mpaka kamire, n'kukutira ndi pulasitiki wina. Pothera mng'alu m'mphepete mwa bampala ndi pomwe pamayambiranso kung'ambika, ndiye pamenepo kasefa kakhale kokulirapo.

Pulasitiki ameneyu amasungunuka pa madigiri pafupifupi 165. Azioneka wofewa ndi wonyezimira. Akayamba kufuka utsi kapena kusanduka wabulauni, wapsa, ndipo wopsa amakhala wophweka kuthyoka. Chitirani panja, utsiwo si wabwino m'chifuwa.

Timabowo ta m'mphepete tomwe timakola timano, ngati tang'ambika, timakonzedwa chimodzimodzi: kasefa, pulasitiki, kenako kusema bowo ndi mpeni motengera la mbali inayo.

Chakunja dulani ngalande yosaya, dzazani, palani ndi 80, kenako 180, kenako 320. Pa pulasitiki wosapentedwa pamafunika pulaima (penti wapansi wogwiritsa penti weniweni) ya pulasitiki poyamba, apo ayi penti amadzasendeka ndi madzi a pa car wash. Fila, phala losalazira lija, akhale wa mabampala, wotha kupindika, ndipo akhale wopyapyala. Fila wa pa chitsulo akaunjikidwa pa bampala amasweka posachedwa.

Kupenta kokha ndikulangizani kuti musachite nokha. Siliva ndi wovuta. Muli tizitsulo tonyezimira tomwe timagona mosiyana malinga ndi mmene dzanja lapoperera, ndiye penti wa m'chitini amasiya mawanga ooneka patali. Nyamulani bampala ili yochotsa kale mupite nayo kwa openta, mtengo umatsika chifukwa ntchito yomasula mwagwira nokha, ndipo penti amafika m'mphepete monse. Nambala ya mtundu ili pa kachikwangwani komwe palembedwa nambala ya chassis, pa mawu akuti COLOR kapena C/TR. Siliva wofala pa Toyota za zaka zimenezo ndi 1F7, koma werengani yanu. Tenganinso kachitseko ka pothirira mafuta kuti osakaniza penti afananize, popeza dzuwa lakwathu kuno limasintha mtundu. Ikapentedwa, ipatseni masiku awiri musanaibwezere, ndipo pa penti watsopano musamatepo tepi.

AxioYaSiliva:

Zikomo kwambiri akuluakulu. Bampala yatsika, mbali yakumanja palibe chathyoka. Zomwe ndapeza ndi izi. Bulaketi yakumanzere yaduka pakati, timano titatu palibe. Bawuti imodzi ya 10 yaduka mutu pomasula, chotsalira chili m'bowo. Chisiponji cholimba cha kuseri kwa bampala chang'aluka kumapeto. Chitsulo chopingasa kuseri kwake chalowa pang'ono kumanzere. Komanso kuseri kwa kona, pa thupi la galimoto, kuli kachinthu kakuda kokhala ndi timapepala ta mphira, katuluka theka. Kameneka n'kachiyani? Ndipo bulaketiyo sindingangoimanga ndi ma cable tie?

Sipanala10:

Mwachita bwino, akulu. A Magetsi anena zoona za batire, pamenepo ndavomera.

Ndiyambe ndi kachinthu kakudako, chifukwa ambiri amakanyozera. Ndi potulukira mpweya wa m'galimoto. Mukamenyetsa chitseko kapena mukayatsa fani, mpweya umatulukira pamenepo, ndipo timapepala ta mphirato timatseguka potuluka pokha. Kakakhala kotuluka theka, kapena kapepala kamodzi kakachoka, fumbi la msewu wadothi limadzaza m'buti, madzi amasonkhana m'munsi mwa kapeti, ndipo utsi wa ekizozi umatha kulowa m'galimoto. Kazuleni konse, pukutani mlomo wa bowo, onani ngati chitsulo chozungulira sichinapindike, mukakankhe mpaka timano tonse tikole. Timapepala tizilendewera pansi n'kutseka tokha. Ngati kasweka, gulani kena. Musatseke bowolo ndi tepi, zitseko ziyamba kuvuta kutseka.

Bulaketi gulani ina. Ma cable tie ndi ofikira nawo kunyumba tsiku la ngozi basi. Sagwira mphepete mofanana, ndiye bampala imagwedera, imadya penti wa thupi mpaka chitsulo kuonekera, dzimbiri n'kuyamba. Bulaketi ndiyo imapereka mzere wowongoka uja pakati pa bampala ndi thupi, ndipo yomatidwa siikhalitsa. Yakumanzere ndi yakumanja n'zosiyana, zimalembedwa LH ndi RH. Onaninso timapulasitiki tokhala m'mabowo a thupi momwe masikuluwu a bulaketi amalowa. Totakasuka tisinthidwe, apo ayi bulaketi yatsopanoyo izigwedera.

Chitsulo chopingasacho ndicho bampala yeniyeni, ndicho chimalandira nkhonya. Chikapindika chagwira kale ntchito yake. Kuchiwongola ndi moto kumachifewetsa, tsiku lina chidzangopindika osateteza kanthu. Chimasuleni, mabawuti kapena manati ake ndi okulirapo, a 12 kapena 14, ndipo muyang'ane pomwe chimakhala. Yezani ndi tepi kuchokera pamalo ofanana kumanzere ndi kumanja, mwachitsanzo pa bowo la bawuti ya nyali kukafika pa bawuti ya chitsulocho. Mbali ziwirizi zikasiyana kuposa mamilimita 5, kapena mukaona khwinya pa chitsulo cha thupi, imeneyo ndi ntchito ya owongola galimoto, chifukwa bampala siidzakhala bwino pa thupi lokhota. Tulutsani tayala lapadera muone pansi pa buti. Phala lija amamata polumikizira zitsulo likang'ambika, madzi amalowa. Wina athire madzi kunja inu mukuyang'ana m'kati ndi tochi. Paliponse pomwe penti wasweka, palani, pakani pulaima ndi penti bampala isanabise malowo.

Chisiponjicho, ngati chang'aluka pang'ono koma chikadali chimodzi, chibwerere. Ngati chaduka kapena chaphwatalala, sinthani. Chimadzaza mpata pakati pa chikuto ndi chitsulo, ndipo popanda icho kugunda kochepa kumaswa bampala.

Bawuti yodukayo ndi M6, kutanthauza yokhuthala mamilimita 6. Ngati katsalira kotuluka, thirani WD-40 kapena mafuta ena olowerera madzulo, m'mawa mugwire ndi pulayala yokhoma ija, muzipotoza uku ndi uku pang'onopang'ono mpaka iyambe kuyenda. Ngati yadukira m'kati, khomani kadontho pakati penipeni, boolani bowo la mamilimita 3, kenako la 5, mudule mazinga atsopano ndi chida chodulira mazinga chotchedwa tapu, ya M6 x 1.0. Tapu ikasowa koma kuseri kukufikika ndi dzanja, boolani ndi 6.5 muike bawuti ndi nati, mawashala mbali zonse. Musanaboole, pisani dzanja kuseri muone ngati sikukudutsa mawaya. Mabawuti otsalawo apakeni kagirisi pobwezera.

Kubwezera kumayamba ndi chitsulo, chisiponji, mabulaketi, kenako mawaya ndi kuyesa masensa monga anenera a Magetsi. Tepi ija pa thupi ikhalepobe. Awiri nyamulani bampala, mbali zake mutazitambasula pang'ono kuti zisakande, muikhazike pakati poyamba. Lowetsani zomangira zapamwamba mazinga awiri kapena atatu okha, osamanga. Bwererani m'mbuyo masitepe angapo muyang'ane ngati mpata wa pansi pa nyali ukufanana mbali zonse, musunthe mpaka ufanane. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa: amamanga pakati mwamphamvu, kenako mbali imodzi imaperewera ndipo amaikakamiza mpaka timano tatsopano tithyoke.

Mbali muziyambira pa nyali kupita ku tayala, mosemphana ndi mmene munachotsera. Onetsetsani kuti mlomo wa bampala walowa mu mpata wa bulaketi, osati pamwamba kapena pansi pake, ndiye kanikizani ndi chikhatho pa kadzino kalikonse mpaka kalire. Chibakera ayi. Kadzino kakakana, tulutsani pang'ono muone chatsekereza. Nthawi zambiri ndi waya, kapena pulasitiki wa m'madigadi walowa malo olakwika.

Zikatero ikani sikuluwu ya pakona, zotchinga matope, makilipi akunsi, n'kumaliza ndi kumanga zapamwamba. Kilipi imalowa kamutu kali kotukuka, mumakakhoma pambuyo. Sikuluwu yolowa mu pulasitiki muyambe mwaipotozera kumbuyo mpaka mumve yagwera m'mazinga akale, ndiye mumange. Mukangoikakamiza imadula mazinga ena ndipo bowo limatakasuka. Mabawuti a 10 safuna mphamvu, gwirani sipanala pafupi ndi mutu, ikangolimba basi.

Bwezerani nyali, yesani ya buleki, indiketa ndi rivesi. Tsekani buti pang'onopang'ono muone ngati chitseko sichikukhudza bampala. Pakati pa ekizozi ndi pulasitiki pazilowa zala ziwiri, kupanda apo pasungunuka. Zonyezimira zofiira zija, ngati zinali pa bampala ndipo zachoka popenta, matani zina. Mukayenda masiku awiri pa msewu wa mabampu, pitaninso ndi chikhatho m'mbali monse muone ngati palibe patuluka.

ZidaZaToyota:

Ndiwonjezereko za kogula, chifukwa ndalama zambiri zimatayikira pamenepa. Dzina lakuti Corolla lisakupusitseni. Axio ya NZE141 inapangidwira msika wa ku Japan ndipo m'lifupi mwake ndi mamilimita 1,695. Corolla ya zaka zomwezo yochokera ku South Africa ndi yotakata, mamilimita 1,760. Bampala, chitsulo ndi mabulaketi ake sizilowa pa yanu ngakhale wogulitsa alumbire. Fielder imafanana ndi Axio kutsogolo, koma kumbuyo n'zosiyana. Axio yotsatira, NZE161 yoyambira 2012, nayo ndi ina.

Popita ku Biwi, ku Ndirande kapena kulikonse komwe amaphwasula galimoto, nyamulani zidutswa zonse ziwiri za bulaketi yothyokayo ndi nambala ya chassis. Zigonekeni pambali pa yomwe akukupatsani, muwerenge timano, muyerekeze mabowo a masikuluwu. Dinani kadzino kalikonse ndi chala. Kamoyo kamapindika pang'ono n'kubwerera. Kokhala ndi mzere woyera patsinde kathyoka kale m'kati, ndipo pulasitiki wotuwa ndi dzuwa sapirira kukhomedwa ngakhale kamodzi. Kwa ine bulaketi yakale ya Toyota yeniyeni, yosathyoka, imaposa yatsopano yotchipa, chifukwa zotchipazo mabowo ake amaphonya ndi mamilimita awiri kapena atatu ndipo mzere wa bampala sukhala wowongoka.

Chitsulo chopingasa chigonekeni pansi posalala muone ngati mbali zonse zikufanana, ndipo mukane chomwe chili ndi zizindikiro za hamala kapena penti wakuda wongopopera kumene. Pemphani kuti akupatsireni pamodzi ndi mabawuti ake, komanso kachotulutsa mpweya kaja ndi makilipi a galimoto yomweyo.

Mukaganiza zogula bampala yathunthu m'malo mokonza yanuyo, itembenuzeni muone kuseri, chifukwa fila ndi zowotcherera zakale zimabisika kunja kokha. Yambiri imabwera yopanda mabowo a masensa. Musaboole mongoyerekeza. Yezani sensa yanu, ambiri oikidwa pambuyo amafuna bowo la mamilimita 22 koma alipo ocheperapo, ndipo malo ake muwatengere pa bampala yakale poyeza kuchokera pakati ndi kuchokera m'munsi. Musanaboole, igwirizeni kaye pa galimoto muone kuti kuseri kwa bowo lililonse sensa siigunda chitsulo chopingasa chija.